Khutu la Wailesi

Mwana wa wometa uja anthu ankamutchula kuti Wailesi. Dzinali linachokera kwa makasitomala a bambo ake, chifukwa iye akangoweruka kusukulu n'kulowa m'babashopu, wina aliyense ankasowa polowetsa mawu. Ankanena za aphunzitsi, za dzino lake logwedera, za galu wa aneba, kenako n'kufunsa munthu amene ali pampando kuti tsitsi lapakati analisiya kuti. Bambo ake sankamuletsa. Mwanayo anabadwa wosamva, ndipo mpaka zaka zinayi anali asanatchulepo ngakhale "amama". Mawu anabwera pamene madokotala ena ochokera kunja anamuika kachipangizo kuseri kwa khutu, kakang'ono ngati chala, koyendera batire lotchaja. Iye ankangokatchula kuti khutu langa.

Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, Lachiwiri lina m'mawa, khutulo linafa. Silinagwe pansi, silinalowe madzi. Amayi ake anamuveka monga mwa nthawi zonse, mwana n'kupukusa mutu. Anayesa batire lina, koma kunali zii.

Kuchipatala, mayi woyeza makutu anakatembenuza kachipangizoko uku ndi uku, n'kukabweza.

"Ife pano sitikonza izi, bambo. Amene anapanga ali kutsidya kwa nyanja. Mwayi wanu ndi woti galanti yake sinathe, ndiye akonza ulele. Koma onani tsiku ili papepalali. Kakuyenera kukhala m'manja mwawo mwezi uno usanathe."

"Kwatsala masiku asanu ndi anayi. Nditumize pa positi?"

"Pa positi kakafika mwanayu atakwatiwa. Pitani kwa aja otumiza pa ndege mwachangu."

M'mawa mwake wometayo sanatsegule babashopu. Anapita ku ofesi ya kampani yotumiza katundu kunja. Munali mozizira ngati m'filiji, pansi pali waliwali moti ankaponda mochita kusamala. Mkazi wake anali atakulunga kachipangizoko m'mathawulo awiri, n'kuika m'bokosi la nsapato, bokosilo n'kulizunguliza selotepi kambirimbiri. Mtsikana wa pakauntala analiika pasikelo, kenako anatulutsa tepi yoyezera.

"Si chopepuka chimenecho, achemwali? Mukuyezanso chiyani?"

"Ndege imagulitsa malo, bambo, osati kulemera kokha. Bokosi likakula timalipiritsa kukula kwake, ngakhale muli mphepo yokhayokha. Komanso tiyenera kuona zam'kati."

Anadula selotepi yense uja. Mathawulo anabwezedwa kwa mwini wake, kachipangizoko n'kulowa m'kabokosi kawo kakang'ono. Batire nalo mtsikanayo analichotsa n'kulikankhira kwa wometayo. Anati mabatire otere ali ndi malamulo akeake m'ndege, ndipo okonzawo ali nawo awo. Atafunsa mtengo wa katunduyo, wometayo anamupatsa pepala lakuchipatala. Mtsikanayo anawerenga kawiri, n'kunena kuti chinthu chotere sichiyenda popanda inshulansi. Atatchula ndalama zonse pamodzi, wometayo anayamba kuwerengera mitu chamumtima. Inali mitu ya milungu itatu, kuphatikizapo ndevu.

"Pali chinanso," anatero mtsikanayo. "Popeza kakupita kukakonzedwa n'kubwereranso, pali fomu ya a msonkho. Amalemba nambala ya chipangizo n'kudinda, kuti pobwera adzadziwe kuti ndi katundu wanu yemwe uja. Ife sitidinda. Ofesi yawo ili kubwalo la ndege."

"Zimatenga nthawi yaitali bwanji?"

"Masiku anayi. Nthawi zina mlungu."

"Nanga ulendo wa katunduyu?"

"Masiku asanu, zonse zikayenda bwino."

Masiku anali atatsala asanu ndi atatu. Wometayo anawerenga ndi zala kawiri, koma sizinakwane.

"Popanda fomuyo sikangapite?"

"Kapita. Kungoti pobwera mwina mudzavutikako."

"Mwina?"

"Mwina."

Anasaina malo atatu, analipira, ndipo anatuluka ndi lisiti, mathawulo awiri ndi bokosi la nsapato lopanda kanthu.

Masiku oyamba Wailesi ankalankhulabe, mokuwa, osadziwa kuti akukuwa. Kenako mawu ake anayamba kuphwanyika kumapeto, ngati munthu wolankhula ali ndi madzi m'kamwa. Kusukulu aphunzitsi anamuika kutsogolo, koma akangotembenukira kubolodi mwana ankatayika. Anzake atayamba kumuyeserera malankhulidwe, anakana kupitanso. Amayi ake ankagwira ntchito yosita zovala kumalo ochapira, ndipo kumeneko ana sankaloledwa, choncho Wailesi ankakhala m'babashopu, pabenchi, maso ali pagalasi, kuyang'ana milomo ya anthu.

"Bwanji lero Wailesi yatha mabatire?" anafunsa mkulu wina woyendetsa malole, amene sankadziwa kanthu.

Mashini ometera anaima pang'ono pamutu pa mkuluyo, kenako anapitiriza. Munthu wina amene ankadikira pabenchi anamuponda phazi.

Tsiku lililonse wometayo ankalemba nambala ya palisiti pafoni, n'kuona pamene kabokosi kafika. Kanatuluka m'dziko, kanagona malo ena, kanakweranso ndege ina. Kanafika kutatsala masiku awiri kuti mwezi uthe. Patapita milungu iwiri mayi woyeza makutu uja anaimba foni. Anati okonzawo alephera kukonza, ndiye atumiza katsopano, kotchunidwa kale molingana ndi khutu la mwanayo, ndipo ndalama ya ndege alipira okha. Tsiku limenelo mkazi wa wometayo anaseka koyamba chichokereni kabokosi kaja.

Katsopanoko kanayenda masiku anayi okha. Katangolowa m'dziko, foni inayamba kuonetsa mawu amodzimodzi m'mawa ndi madzulo, akuti katundu ali m'manja mwa a msonkho.

Ofesi ya a msonkho inali m'kati mwa nyumba yaikulu ya malata kuseri kwa bwalo la ndege. Kuseri kwa mpanda wa waya kunali makatoni osanjikizana mpaka kudenga. Wamsonkho amene anamulandira anali bambo wachikulire wa magalasi omangira chingwe. Sanali munthu waukali. Anawerenga mapepala onse modekha.

"Fomu yotulutsira katundu ili kuti?"

"Sindinapange, bwana. Nthawi inali itatha."

"Chabwino. Koma ndikuuzeni zoona, ngakhale mukanapanga, bwenzi tikukanganabe. Onani nambala iyi, onaninso iyi. Chimene chinatuluka ndi china, chimene chalowa ndi china. Kwa ife uyu ndi katundu watsopano."

"Komatu sindinagule, bwana. Angondipatsa m'malo mwa chakufa chija."

"Msonkho suyendera zimene mwalipira inu. Umayendera mtengo wa chinthucho, kuphatikiza ndalama ya ndege."

Anadinadina kamakina kowerengera n'kukatembenuzira kwa wometayo. Ulendo uno sanavutike n'kuwerenga mitu. Ikanamufikitsa chaka chamawa.

"Njira ilipo," anatero wamsonkhoyo. "Ngati ndi chipangizo cha wodwala, mubweretse kalata yochokera ku likulu la zaumoyo yotiuza kuti tisalipiritse. Muyambire kuchipatala kwanu, iwo akulembereni yopita kulikuluko. Koma fulumirani. Masiku asanu oyamba a kampani amasunga ulele, kenako tsiku lililonse limawerengedwa. Akakwana makumi atatu, katundu amabwerera kumene anachokera."

Kalata yakuchipatala inatenga masiku anayi chifukwa mkulu wa chipatala anali kumsonkhano. Likulu la zaumoyo linali pansanjika yachinayi, ndipo wometayo anawadziwa masitepe ake ngati njira yakwawo. Tsiku loyamba anamuuza kuti asiye kalata. Tsiku lachiwiri anati kalatayo yapita kuchipinda china. Tsiku lachitatu anati wosaina ali patchuthi, ndipo wogwirizira alibe mphamvu zosaina zamsonkho. Palibe amene anamukalipira. Aliyense ankamvetsera, n'kupukusa mutu, n'kunena kuti pepani bambo, nkhani ya mwana ndi yovuta, mubwere Lachinayi. Babashopu inkatsegulidwa dzuwa litapendeka, ndipo makasitomala ena anayamba kuwolokera kwa wometa wa tsidya lina la msewu.

"Mukanadikira fomu ija," anatero mkazi wake Lamlungu lina masana, akupinda yunifolomu ya mwana imene inali isanavalidwe kwa mwezi wathunthu.

"Galanti ikanatha."

"Ndikudziwa."

"Komanso akuti sikanathandiza. Nambala zasiyana."

"Ndikudziwa, bambo a Wailesi. Ndikungonena. Ndinene kwa ndani?"

Pa tsiku la khumi ndi chisanu ndi chiwiri chifikireni katunduyo, a kampani anaimba foni kuti a msonkho akufuna kutsegula kabokosiko mwini wake alipo. Wometayo anamva ngati mwina zatheka. Anaika batire m'thumba la malaya, n'kutenga mwana, pakuti panalibe womusiyira.

Wamsonkho wa magalasi uja anabweretsa kabokosiko patebulo lachitsulo, anadula ndi mpeni, n'kuvundukula. Wailesi atangoona anatambasula dzanja. Bambo ake anamugwira mkono.

"Ndiye mwini wake ameneyu?" anafunsa wamsonkhoyo.

"Ndi yemweyu, bwana."

"Kalata ija?"

"Sinatuluke."

Wamsonkhoyo analemba nambala m'buku lake. Atamaliza anayang'ana mwanayo, kenako anayang'ana kukhomo.

"Ndiyenera kutsimikiza kuti chinthuchi ndi chimene chalembedwa papepala. Muli ndi batire? Mphindi zisanu."

Wometayo, amene ankadula mzere wa ndevu osaphonya, anaphonya kawiri, batire n'kulowa ulendo wachitatu. Anamuveka mwana. Galimoto yonyamula makatoni inkalira chapafupi pobwerera m'mbuyo, ndipo Wailesi anadzidzimuka n'kugwira mwendo wa bambo ake. Kenako anakweza nkhope.

"Ababa, nenani kanthu."

Mawu onse amene bambo ake anasunga kwa milungu isanu ndi umodzi anawathawa.

"Ndili pano, mwanangu."

"Nenaninso."

"Ndili pano."

Basi Wailesi anayamba. Anati dzino lija linaguluka ndipo analibisa m'bokosi la nsapato. Anati amayi amalira akamasita malaya a ababa, iye amaona mapewa awo. Anafunsa wamsonkhoyo chifukwa chake anamanga magalasi ndi chingwe, ngati amathawa. Mawu ena ankatuluka opindika, iye n'kudzimva yekha, n'kubwereza mpaka awongoke. Wamsonkhoyo anayankha kuti inde, amathawa. Mphindi zisanu zinakwana, zinafika khumi. Kenako panalowa bwana wina wa nyota zambiri paphewa, n'kuima patebulo lina chapatali. Wamsonkho uja anagogoda wotchi yake ndi chala, osakweza mutu.

Wometayo anagwada kuti afanane msinkhu ndi mwana. Anafuna amuuze akadali kumva.

"Tilisiya kaye kuno khutuli. Tidzabwera kudzatenga."

"Chifukwa chiyani? Si langa?"

"Ndi lako."

"Nanga?"

Anayang'ana kwa wamsonkhoyo, koma bamboyo anali kalikiliki kusanja mapepala amene anali osanjika kale. Mwana anaphimba khutu ndi manja onse awiri. Bambo ake anachotsa zalazo chimodzichimodzi, anavula kachipangizoko, anatulutsa batire, n'kukaika yekha m'kabokosi. Wailesi sanalire. M'basi anakhala chakuwindo atafulatira bambo ake, ndipo iwo atafuna kumugwira dzanja potsika, analibisa kukhwapa.

Kalata inatuluka pa tsiku la makumi awiri ndi chisanu ndi chimodzi. Wometayo anathamanga nayo kubwalo la ndege thukuta lili kamukamu. Wamsonkho uja anaiwerenga, anavula magalasi, n'kupukuta m'maso. Nambala imene inali m'kalatamo inali ya kachipangizo kakale. A kuchipatala anakopera m'faelo yawo, a kulikulu n'kukopera kwa a kuchipatala.

"Simungangokonza ndi cholembera, bwana? Ndi manambala anayi okha."

"Ndikakhudza kalatayi, ine ntchito yatha, inunso katundu walandidwa. Chimene ndingathe ndi kulemba kuti asabweze kaye. Milungu iwiri. Kupitirira apo si ine."

Anayambiranso kuchipatala, kenako masitepe aja. Kabokosiko kanatuluka patapita masiku makumi atatu ndi asanu ndi atatu chifikireni. Msonkho unachotsedwadi, koma ndalama yosungira katundu inali ya kampani, ndipo kalata yakulikulu sinkaikhudza. Wometayo anagulitsa mpando wachiwiri ndi galasi lalikulu kwa mnzake wa tsidya lina la msewu, amene anachita manyazi mpaka anabwera kudzanyamula yekha m'mamawa anthu asanayambe kudutsa.

Wailesi anavala khutu lake, koma kwa masiku angapo ankakana kulivula ngakhale posamba, ndipo bambo ake akayandikira kumbali imeneyo ankapendeketsa mutu. Atabwerera kusukulu anapeza anzake atalemba kale mayeso. Aphunzitsi anati palibe kuchitira mwina, abwereze kalasi.

Loweruka lotsatira mkazi wa wometayo ankasonkhanitsa mapepala onse kuti awasunge pamodzi. Pansi pa kabokosiko anapeza kapepala kena kamene palibe anakawerenga. Anakapita nako kubabashopu, n'kudikira kuti kasitomala achoke pampando.

"Apa akuti chiyani? Ndawerenga, koma mwina sindinamve bwino."

Mwamuna wake anawerenga akuyendetsa chala pansi pa mizere.

"Akuti katsopanoka kalibe galanti yakeyake. Inathera pa kakale kaja."

"Ndiye kakadzafanso?"

Wometayo anakutumula nsalu yofunditsa makasitomala, anaipinda, n'kuikoleka pampando.

"Sindikudziwa, mayi a Wailesi."

Pakhomo panaima munthu wina, n'kufunsa ngati akumeta.