Galimoto Imene Ababa Sanamalize

Injini inazungulira, inatsokomola kawiri, kenako zii. Zuhula anasiya kiyi n'kutsamira pasiteringi. Linali tsiku lachinayi chiikireni m'manda bambo ake, a Suleiman, ndipo galimoto yomaliza imene anaigwira inali kukana kulira pagalaja yawo ya ku Emmasdale.

Galimotoyo inali ya Ba Rhodah, mzamba wa ku Chelstone. Nthawi ya mvula amadutsa m'madzi ofika m'maondo popita kuntchito, ndipo chaka chatha injini inamwa madzi. N'chifukwa chake a Suleiman ankaisinthira paipi ya mpweya kuti izikoka cha m'mwamba. Ali pakati pa ntchitoyo, anthu anawapeza atakhala pabenchi, dzanja lili pachifuwa. Kuchipatala sanafikeko amoyo.

"Uzapha batili, Zuhula," anatero Faraji, mchimwene wake, amene amagwira ntchito ya muofesi ku Woodlands. "Nayitana bulekidauni yodzaikoka, ibwela pa fifitini awazi. Motoka iyende ku galaja ina, pano titseke."

"Titseke galaja ya Ababa?"

"Ababa anakalamba. Manja yenze kunjenjemela. Mwina analakwitsa penapake."

"Zaka sate, achimwene, sanabwezepo motoka yosalila."

Ba Rhodah, amene anabwera kudzapepesa maliro, anali atakhala pampando pamthunzi wa khoma. "Ine Ba Suleiman nenze kubakhulupilila maningi," anatero. "Koma Mande nifunika kunchito, mwana wanga. Ikakana lelo, sinizakhala na chochita."

Zuhula anatuluka, anamanga bwino mpango wake, n'kuwerama paboneti. Anakulira pagalaja pomwepa, ndipo ankadziwa kuti galimoto ikachoka pachingwe, Emmasdale yonse idzanena kuti mkuluyo anafa ataononga galimoto ya mwini. Anayamba mwadongosolo monga anamuphunzitsira. Batire inali ndi mphamvu. Mafuta ankafika. Anachotsa pulagi imodzi, Faraji n'kupotoza kiyi monyinyirika, ndipo moto unathetheka wabuluu. Waya wa kasensa koyeza mpweya unali wolumikizidwa bwinobwino.

Paipi yatsopanoyo inali yokongola. Bambo ake anaipinda okha, n'kuidutsa pambali pa batire mopanda kukhudza waya ndi umodzi womwe. Zuhula anaisisita kuyambira kumwamba mpaka pamene imalowera mu injini, ndipo chala chake chinaima pakilampu, kachitsulo komangira paipiyo.

A Suleiman pomanga kilampu ankaloza bawuti m'mwamba, kuti wobwera pambuyo pawo asavutike poimasula. Iyi inaloza pansi, kobisika, ndipo inamangidwa ndi mphamvu ya munthu wamantha.

"Achimwene," anatero chapansipansi, kuti Ba Rhodah asamve. "Aya simanja ya Ababa."

Faraji anayang'ana kumsewu.

"Ndine," anayankha. "M'mawa mwake titaika malilo, anthu ali mkati akumwa tiyi. Ninapeza paipi ili chabe pamwamba pa injini. Nenze kufuna kuwamalizila, Zuhula. Chinthu chimodzi chabe, pakuti sinawagwilileko sipanala umoyo wanga wonse. Pamene inakana kulila, ninayopa kuti nayiwononga."

"Ndiye mwaona kuti tinamizile munthu wosayankha?"

Zuhula anayang'ana Faraji, ndipo anaona kuti maso ake anali ngati a bambo awo akatopa. Anatola sikuludiraiva n'kumupatsa.

"Masulani mweka. Inu ndiye mudziwa komwe munaibisa."

Zinamutengera nthawi, mpaka anadzikanda pachala. Paipi itachoka, Zuhula anasuzumira pakamwa pa injini. Mkatimo munali chinthu choyera, chitatseka njira yonse ya mpweya. Makanika aliyense wosamala akasiya injini yotsegula amatsekapo ndi kansalu, kuti fumbi kapena kanati kasagweremo. Faraji anali atalumikiza paipi osayang'anamo.

Zuhula anapisamo zala ziwiri n'kukoka pang'onopang'ono. Sikanali kansalu. Inali kofiya ya bambo ake, yoyera yopetapeta imene ankavala kumutu tsiku lililonse, itapindidwa kanayi.

Ba Rhodah anaimirira, dzanja lili pakamwa.

Zuhula anaziona zonse ngati analipo. Chifuwa chayamba kubaya, nsanza zonse zili ndi girisi, nsalu zoyera zili kutali m'nyumba. Mkuluyo akuvula kofiya, akuipinda, akutseka injini ya mwini wake, kenako akupita kukakhala pabenchi.

Zuhula analumikizanso paipi. Faraji atapotoza kiyi, injini inalira nthawi yomweyo, mawu ake osalala. Faraji anaisiya ikulira, mutu atauweramitsa, kenako anatulutsa foni.

"Ba bulekidauni, musabwele," anatero. "Motoka ili chabe bwino. Amakanika alipo pano."

Zuhula analowa m'nyumba, momwe mayi ake, a Hadiya, anali atakhala pamkeka m'masiku awo olira. Anagwada n'kuwaikira kofiyayo pamiyendo, n'kuwauza kumene anaipeza.

"Ndinadabwa tsiku lija kuwaona bambo ako mutu uli poyera," anatero a Hadiya. "Chikwatirane, sanatulukepo panja choncho."

"Ndiichape, Amayi?"

A Hadiya anapukusa mutu. Pakona pa kofiyayo panali chidindo cha chala chachikulu, cha oyilo wakuda, pamene mwamuna wawo anakanikiza kuti mupindo ukhale wowongoka. Anaikapo chala chawo, ndipo sanaifunyulule.