Simenti ya M'chiuno mwa a Agatha

A Fidelis Nyendwa anagwira ntchito yoyendera nyumba za boma zikamamangidwa kwa zaka makumi atatu, ndipo atapuma palibe anakumbukira kuuza maso awo kuti nawonso apume. Ku Kanakantapa kunalibe khoma lomwe anali asanaligogodepo ndi chala n'kupukusa mutu. Ngakhale la tchalitchi, lomwe analiyang'anira okha, ankati ndi loyeserako chabe.

Akazi awo, a Agatha, sankadandaula nazo, poti makoma samva. Vuto linabwera pamene chinthu chofunika kukonza chinakhala iwowo. Fupa la ntchafu yakumanzere linali litaperesekera pomwe limalowa m'chiuno. Popita kudimba la repu ankapumira katatu panjira, ndipo pa Misa anzawo akagwada iwo ankangokhala, ngati mlendo wa mpingo wina.

Uwu unali ulendo wachitatu wopita kuchipatala ku Lusaka. Maulendo awiri oyamba anabwerako osasaina pepala la opaleshoni. Koyamba a Fidelis anafuna kuona ndi maso awo chitsulo chomwe ankati achiike m'chiunomo. Kachiwiri anati nkhani yaikulu chonchi imafuna kugonerapo. Anagonerapo miyezi inayi, a Agatha akutsimphina.

Dokotala wake anali mtsikana wodekha, Keziah Mweemba. Anapachika chithunzi cha mafupa pagalasi loyaka n'kuyambanso, ngati mphunzitsi wobwereza phunziro kwa mwana wa ahedi.

"Njira zikali zija zitatu. Mungapitilize mapilisi na ndodo, koma fupa sizabwelelamo. Tingalase nsingano, ululu uzachepa miyezi ing'ono chabe. Olo tichose mutu wa fupa tiikepo wachitsulo, na kambale kake. Koma lelo nifuna yankho. Ngati simusaina, malo yanu tizapasa wina, imwe muzayembekeza mpaka chaka cha mawa."

"Ise tamvela," anatero a Fidelis, omwe chiuno chawo chinalibe mlandu uliwonse. Anatsegula kabuku ka m'thumba. "Manje ici citsulo cizagwila bwanji?"

"Kwa acinyamata timasiya fupa likulilepo lokha. Kwa amai, pakuti mafupa yafewako, tizamanga na simenti."

A Agatha anatseka maso. Pa mawu onse a m'chipatala, mwanayu anasankha limenelo.

A Fidelis anavula magalasi pang'onopang'ono.

"Simenti. Mwana wanga, apa manje mwalowa mu ofesi yanga. Mumasakaniza mawilibala yangati ya mchenga?"

"Mulibe mchenga, atate. Si ija yomangila nyumba. Iyi imalimba mu maminitsi khumi."

"Khumi!" Anatembenukira kwa akazi awo ngati kwa mboni. "Wamvela, amake Kondwa? Simenti ya zoona ifuna masiku seveni uithilila madzi m'mawa na m'madzulo. Nanga mukamusoka, azathilila ndani? Ine ninagwetsa nyumba yonse ya aphunzitsi cifukwa ca simenti yothamangila."

"Munagwetsa cimbudzi," anatero a Agatha.

"Cinali ca zitseko zinai."

Dokotala analuma mlomo kuti asaseke n'kuyamba kufunafuna chinthu chomwe munalibe m'dirowa. A Fidelis anapitiriza: ndani amasunga matumba ake, kodi sakhala pachinyontho, nanga amayendera ntchitoyo ikatha ndani. Mafunsowo ankawalemba m'kabuku ndi manambala, ndipo anali atangofika pa lachisanu ndi chimodzi.

A Agatha ankayang'ana dzanja logwira kabukuko. Linkanjenjemera mpaka pepala kumalira. Zaka makumi anayi ndi chimodzi anali ataliona dzanja limenelo likuloza amisiri, likubweza njerwa zosapsa, koma kunjenjemera analiona kamodzi kokha: tsiku lomwe iwo anachedwa kutsitsimuka atabereka Kondwa.

"Atate ake Kondwa," anatero motsitsa mawu. "Tsekani buku. Funsani cija camene simunalembe."

"Vonse nalemba."

"Funsani. Mwana uyu ali na odwala ena panja."

A Fidelis anayang'ana khoma la ofesiyo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo sanalipezere chifukwa. Mawu atatuluka anali aang'ono, osavala tayi.

"Azauka?"

Dokotala anakankhira mapepala pambali.

"Siningakunamizeni kuti kulibe ngozi. Magazi yangaundane, cilonda cingadwale, ndiye cifukwa timayang'anila maningi. Koma mtima wao tapima, uli bwino. Ndipo sitifuna kuwagoneka. Tizalasa pamsana, kuyambila m'ciuno kupita pansi kuzacita dzanzi. Mawa lake tizawaimika ayambe kuponda."

"Azankhala maso?"

"Angamvele na nyundo ikulila."

"Ndiye bwino," anatero a Agatha. "Nizakuuzani ngati amisili anali kuceza pa nchito."

A Fidelis anafwenthera m'mpango kwa nthawi yaitali, n'kudandaula za fumbi la mu minibasi. A Agatha anakokera pepala lija kufupi. Dokotala anawapatsa cholembera cha pulasitiki, koma dzanja la a Fidelis linachitsekereza.

"Osati ico. Cimadumpha."

Anasolola cholembera chawo chasiliva, chija anapatsidwa popuma pa ntchito, chomwe ngakhale abambo mfumu anakanizidwa kubwereka. Anachitsegula okha, nachiika pakati pa zala za akazi awo, kenaka anagwira pepalalo m'makona ndi manja onse awiri kuti lisasunthe.

A Agatha analemba dzina lawo lonse, mosafulumira.