Mapegi a mu Pijo

Pijo ija inatsokomola, n'kudzigwedeza thupi lonse ngati ikufuna kunena mawu, kenako inazima. Anthu amene anadzaza pabwalo anabuula limodzi.

"Usaponde mafuta kwambiri, Collen," anatero Belinda, mutu uli m'boneti.

"Sisi, galimoto ndimayendetsa ndine. Iwe umayendetsa mapepala."

Maliro a bambo awo, a Lenox Alufandika, anali ataikidwa sabata yathayo, ndipo m'mawa wa chisanu umenewu achibale anasonkhana ku Kambuzuma kudzagawa katundu wa malemu. Majekete anapita mwamtendere, nsapato nazonso, ngakhale wailesi yosalira inapeza mwini. Mkangano unabuka atafika pa galimoto ya Pijo 404 yobiriwira, yomwe inabadwa kale kuposa ana onse a m'nyumbamo.

A Fackson, mng'ono wa malemu, anali atapangana kale ndi ophwasula magalimoto a ku Mbare. "Chitsulo ichi chinkamvera achimwene okha," anatero. "Koma musati ndine wankhanza. Chikayenda chokha mpaka ku mashopu n'kubwerako, chikhala cha alamu. Chikakana, mawa abwera odzachikoka."

Alamu awowo, mayi Effie, anangokhala pamphasa pakhonde, dzanja lili m'thumba la epuloni, momwe munkamveka kanthu kakuti kha, kha. Koma Belinda ankadziwa kuti pa katundu yense, mayi ake ankangofuna galimotoyi. Ndi imene bambo ankawatengera m'mamawa uliwonse kukaoda tomato ku Mbare Musika.

Collen ankayendetsa kombi yonyamula anthu, ndipo kwa iye matenda onse a injini mankhwala ake anali phazi. Belinda anali ndi digiri ya masamu imene inali isanamupezere ntchito, koma inamusiyira chizolowezi chosagonja pa chinthu chozunguza mutu. Anachotsa chosefera mpweya n'kusuzumira m'kamwa mwa kabureta.

"Koka choki."

Collen anakoka kabatani ka pafupi ndi chiwongolero. Kachitseko ka m'kabureta kanatsekeka, monga kayenera kutero kuti injini yozizira imwe petulo wambiri ndi mpweya wochepa. Injini inalira. Ana a oyandikana nawo anayamba kuvina pageti. Koma Belinda anaona kachitseko kaja kakutseguka kokha pang'onopang'ono, ndipo Pijo inazimanso.

"Ndaona!" Anathamangira pawindo. "Injini ikamanjenjemera, kabatanika kakubwerera kokha m'kati. Kebulo yake inatha mano. Kagwire ndi dzanja."

"Dzanja lina pa chiwongolero, lina pa choki. Giya ndisinthe ndi mano?"

Anthu anaseka, ngakhale a Fackson. Collen anatsika n'kuyamba kufukula m'buti, ndipo posakhalitsa anatukula chinthu m'mwamba ngati wapha nyama: kebulo yatsopano ya choki, ikanali m'pepala lake lomwe linali litachita chikasu ndi ukalamba.

"Iyayi," anatero a Fackson. "Ndati chiyende mmene achimwene anachisiyira. Pano si pagalaja."

Belinda anatenga kebuloyo n'kuitembenuza. Bambo ake anagwira ntchito yokonza makina m'mafakitale a ku Willowvale moyo wawo wonse. Kuika kebulo iyi kukanawatengera nthawi yomwera tiyi basi. Nanga anaisungiranji zaka zonsezi? Ndipo ankayenda bwanji m'chisanu cha Juni ndi choki yothawa?

Anagwada pampando n'kukoka kabatani kaja mpaka kumapeto. Kandodo kake kanali kakuda ndi dzimbiri, kupatula malo atatu oyandikana amene ankanyezimira, ngati panali chinthu chimene chinkaluma pamenepo tsiku ndi tsiku. Kuchokera pakhonde kunamvekanso kha, kha.

Belinda anayenda mpaka pamphasa pamene panali mayi ake n'kugwada.

"Mhamha, m'thumbamo muli chiyani?"

Mayi Effie anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anatulutsa dzanja. Munali mapegi atatu amtengo oyanikira zovala, akuda bii ndi girizi.

"Nthawi yonseyi, mhamha? Batire yatsala pang'ono kutha."

"Palibe anandifunsa," anatero. Kenako anatsitsa mawu. "Komanso mpandowo ndinali ndisanakonzeke kuukhala."

Komabe anadzuka, nakonza duku, nakakhala kutsogolo. Belinda anapana mapegi onse atatu kuseri kwa kabatani, ndipo sikanathenso kubwerera. Iye ndi a Fackson analowa kumbuyo. Collen anatembenuza kiyi.

Pijo inalira ndipo sinaleke. Azimayi anaimba nthungululu, kenako anakumbukira kuti ali pa nyumba yamaliro n'kugwira pakamwa, koma m'maso ankasekabe. Galimoto inatuluka pageti, ana akuithamangira pambuyo, agalu a msewu wonse atadzuka.

"Taonani, babamunini," anatero Collen, akuyang'ana bambo ake aang'onowo, a Fackson, pagalasi. "Odzakoka aja muwauze akagone."

"Tisanabwereko usandiyankhule, mwana iwe."

Atadutsa pa tchalitchi, injini inayamba kulemera, utsi wakuda ukutuluka kumbuyo. A Fackson anawongola khosi.

"Yatentha, ikutsamwa ndi petulo," anatero Belinda msangamsanga. "Bweza choki pang'ono."

"Pano bambo anu ankachotsa imodzi," anatero mayi Effie. "Yachiwiri pa mashopu. Yachitatu tikalowa msewu waukulu."

Collen anapanula pegi imodzi, kabatani kanalowa pang'ono, ndipo injini inayera mawu. Anayang'ana uku ndi uku kufuna poika pegiyo. Dzanja la mayi ake linali litatambasulidwa kale pakati pa mipando, iwo maso ali pawindo. Anaiika m'menemo, zala n'kutsekeka.

A Fackson anapukusa mutu, akuseka chapansipansi. "Achimwene ankati galimotoyi siyenda popanda alamu. Ine ndinkayesa nthabwala."

Belinda anayang'ana kebulo yatsopano ija pamiyendo pake. Anaikulunganso bwinobwino m'pepala lake lachikasu n'kuikankhira pansi pa mpando. Mashopu anali akuonekera, ndipo kutsogoloko mayi ake anali atatambasulanso dzanja.