Tsiku Limene Noeline Anajambula Chigwa Chonse

Holo ya ku Tarrawong ataipaka penti yatsopano, khoma lalitali la kuchipinda chomwera tiyi linangotsala lili mbee. Pa msonkhano wa komiti, Glenys Purcell, amene anakhalitsa pampando chifukwa panalibe wolimba mtima woti n'kumuchotsapo, ananena kuti pakhomapo pakufunika chithunzi cha chigwa chonse, kuyambira ku mlatho wa njanji mpaka ku damu la pafamu yake.

"Koma wojambulayo achokere kumzinda," anatero. "Kuno anthu amangodziwa kujambula tiana ta nkhosa basi."

Mawu amenewa anamulasa Noeline Hatherly. Mayiyu anayendetsa basi ya ana asukulu mpaka kupuma pantchito, ndipo munthu woti anapirira phokoso la ana a chigwa chonse sakanaopa Glenys. Komanso pa Khirisimasi mwana wake Shona, wa ku Brisbane, anamugulira chikamera cholemera ngati njerwa, chimene kufikira tsikulo chinali chitangojambulapo galu ndi chala cha mwini wake.

"Ndijambula ine," anatero Noeline.

"Iwe amwali? Chigwa chonsechi chikwana m'kabokosi kako kaja?"

"Chikwana. Iwe ungokonza misomali."

Atafika kunyumba anaimbira foni Shona, chifukwa zoona zake sankadziwa kuti chikwana bwanji.

"Amayi, si zovuta," anatero Shona. "Mumaima malo amodzi n'kumatembenuza kamera pang'onopang'ono. Chithunzi chilichonse chizilowako pang'ono m'chinzake, ngati mmene malata amasanjikizirana padenga. Kenako kompyuta imazisoka zonse n'kukhala chimodzi chachitali. Chachikulu n'chakuti kutsogoloko kusakhale chinthu choyendayenda."

Noeline anasuzumira pawindo. Chinthu choyendayenda cha pakhomopo chinali Des, mwamuna wake, amene nthawi imeneyo ankazungulira thanki ya madzi kufunafuna sipanala ili m'thumba mwake momwe. Des anameta nkhosa moyo wake wonse, ndipo chipumire pantchito ankadziwa zinthu ziwiri zokha: kuyendayenda ndi kugona. Zokhala phee maso ali tseguke sanazimvepo.

Loweruka m'mawa anakwera pikapu kupita paphiri la kuseri kwa famu ya Glenys, limodzi ndi galu wawo Biscuit. Des ananyamula chitsulo cha miyendo itatu choimikapo kamera, fulasiki ya tiyi ndi masikono. Pamwamba pake chigwa chonse chinali poyera: mlatho, mitengo ya bulugama m'mbali mwa mtsinje, denga la holo, nkhosa zili mbuu ngati miyala.

"Inu muime kumbuyo kwangaku," anatero Noeline. "Musasunthe, musatsokomole."

"Nanga ntchentche zikandilowa m'mphuno?"

"Zisiyeni zilowe. Mulibe kanthu m'menemo."

Anayamba kumanzere. Khethe. Anatembenuza pang'ono. Khethe. Apo mphepo inabwera n'kunyamula chipewa cha Des, n'kuchigubuduza kutsogolo kwa kamera. Des anachithamangira, Biscuit anathamangira Des, ndipo Noeline, diso lili pakamera, anangopitiriza akukuwa kuti, "Chokanipo, bambo inu! Chokanipo!" Des ankachokadi, koma ankachokera komwe kamera inkalowera.

Masana amenewo kompyuta itamaliza kusoka, awiriwo anawerama n'kuyang'ana. Chigwa chinalimo ndithu. Koma Des analimo mbali zonse: apa akuthamanga, apo akuwerama, pena thupi lokhalokha lopanda mutu, pena mutu uli pamwamba pa mpanda ngati dzungu. Biscuit anatalika ngati sitima ya katundu, miyendo ili mbwee pansi pake ngati bongololo. Ndipo pomwe panayenera kukhala nyumba ya Glenys panalibe kanthu. Kompyuta inaimeza yonse, n'kusiya chimbudzi chakunja chokha chili chilili pakati pa udzu.

"Koma ndaoneka bwino apa," anatero Des, akuloza pomwe anali ndi mutu. "Ngati mnyamata."

"Mwandiwonongera ntchito."

"Nyumba ya Glenys ndameza ndine?"

Noeline anayang'ana chimbudzicho nthawi yaitali, ndipo kunena zoona mtima wina unkamuuza kuti achisiye choncho. Koma ankafuna chithunzi choti Glenys akachiona asowe chonena, choncho anaganiza zobwerera mawa lake chakumadzulo, dzuwa likamafiira.

Ulendo uno anakonza bwino. Pikapu anaiimika kumanzere, pakamsewu kotsetsereka kamene kamadutsa m'munsi mwa nsonga ya phiri kulowera ku damu. Des anamukhazika kumpando wa wokwera, chipewa atachimangirira ndi chingwe kuchibwano. Biscuit anamutsekera momwemo.

"Musatuluke ngakhale kubwere moto," anatero. "Idyani masikono, mugone."

"Ntchito imeneyo ndiye ndimaitha," anatero Des, akukweza miyendo n'kutsitsa mpando.

Noeline anakwera yekha pansonga. Kunja kunali kokongola moti anayamba waima kaye osachita kanthu. Dzuwa linapaka golide pamadenga onse, utsi wa kwa wina unkakwera mowongoka, ndipo mphepo inali itagona. Anaimika kamera, n'kupuma mpweya wambiri, n'kuyamba ndi mlatho. Khethe.

Zimene zinachitika m'pikapu muja anthu amakanganabe. Des amati buleki ya pamanja inali yotha kale. Noeline amati Des anaiponda ndi chidendene ali m'tulo. Chodziwika n'chakuti Biscuit anali atadumphira kumpando wa dalaivala kulondola fungo la sikono, ndipo pikapu inayamba kuyenda yokha, mwaulemu, ngati ikupita kumaliro.

Noeline anaiona ikulowa m'munsi mwa chithunzi. Magazi anamuwira.

"Des! Mwayambanso? Bwererani!"

Pikapu sinabwerere. Iye anatembenuza kamera kuti aithawe, koma kamsewuko kankalowera komweko. Khethe, pikapu ilimo. Anatembenuzanso. Khethe, ilimonso, tsopano itawonjezera liwiro. Iye anaganiza kuti mwamunayo akuchitira dala, ndipo poti dzuwa linkathawa, analumbira kuti sasiya, zina akakambirana kunyumba.

Kenaka hutala inalira. Anali Biscuit, miyendo yakutsogolo ili pachiwongolero.

"Ndipo mukundiimbiranso hutala? Mulibe manyazi!"

Pamenepo m'pamene mutu wa Des unatulukira pawindo, chipewa chili pakhosi, kukamwa kuli yasa.

"Noeline! Mayooo! Sindikuyendetsa ndine!"

"Nanga akuyendetsa ndani?"

"Galu!"

Chala cha Noeline chinadinabe chokha. Khethe. Pikapu inadutsa pageti lotsegula, nkhosa zinabalalika, inaphonya mtengo pang'onong'ono, n'kukalowa m'damu la Glenys ndi chiphokoso chakuti phuvuu! Abakha anauluka onse. Khethe. Chimenecho chinali chithunzi chomaliza, ndipo damu ndi pomwe chigwa chinkathera.

Apa m'pamene nzeru zinamubwerera. Anasiya kamera n'kutsika phiri akuthamanga, zimene anali asanachitepo chiyambire kudwala bondo. Anapeza pikapu itamira mpaka m'zitseko, Des ali padenga pake atakumbatira fulasiki, Biscuit akusambira mosangalala kuthamangitsa abakha.

"Mwavulala?" anafunsa akupuma mwabefu.

"Ayi."

"Paliponse? Msana? Mutu?"

"Ndili bwinobwino. Masikono okha ndiwo apita."

Noeline anakhala pansi m'matope momwemo. Anafuna kulira, koma m'malo mwake munatuluka mawu ena.

"Ndinakuuzani kuti musasunthe."

"Ine sindinasunthe, mayi. Yasuntha ndi galimoto."

Glenys anafika ndi thalakitala, atavala majombo ndi epuloni. Anayang'ana pikapu, anayang'ana Des padenga, n'kupukusa mutu.

"Desmond, ukanafuna kusamba ukanangopempha. Bafa ndili nalo."

Anaikoka pikapuyo akulalata za abakha ake mpaka kumaliza.

M'mawa mwake Noeline anaika zithunzi zija m'kompyuta, osati ndi chiyembekezo chilichonse, koma kungoti aone kukula kwa tsoka lake. Kompyuta inalira pang'ono n'kutulutsa chithunzi chachitali. Chinali chokongola moti anagwira pakamwa. Mlatho unali wowongoka, mitambo inalumikizana bwino, nyumba ya Glenys inabwerera pamalo pake. Koma m'munsi monse, kuyambira kumanzere mpaka kumanja, munali mzere wa mapikapu oyera. M'yoyamba Des ali mtulo, mapazi pagalasi. M'yotsatira ali mtulobe, galu ali pachiwongolero akuyang'ana kutsogolo ngati dalaivala wodziwa njira. Kenako Des diso limodzi lotsegula. Kenako manja m'mwamba. Kenako mutu pawindo. Kumapeto kwenikweni madzi ali m'mwamba, abakha ali balala, dzuwa likuwala pa dontho lililonse.

Ali mkati moganiza zochifufuta, Glenys analowa osagogoda, atanyamula jombo imodzi ya Des imene anaipeza m'mphepete mwa damu.

"Chithunzi changa chili kuti, amwali? Kapena tiitane wa kumzinda uja?"

Noeline analibe pothawira. Anangosuntha mpando.

Glenys anavala magalasi n'kuyamba kumanzere. Nkhope inali gwa. Atafika pa galu, mlomo unayamba kunjenjemera. Atafika pa manja m'mwamba anatulutsa kamawu ngati ketulo. Pofika pa damu anali atakhala pansi pakhitchini, jombo ili pamiyendo, misozi ili chuchuchu.

"Chichotse, ndifa ine! Ayi, usachotse, bwezera pa galu paja!"

"Ndikajambulanso china," anatero Noeline. "Chopanda anthu."

"Ukajambulenso chiyani? Ichi chomwechi! Taona mmene latulukira damu langa!"

Des anatulukira kuchipinda atavala jombo imodzi.

"Ine sindikuvomera. Anthu azimwa tiyi akuyang'ana m'kamwa mwanga?"

"Takhala tikuyang'anamo zaka zonsezi ku tchalitchi ukamawodzera," anatero Glenys. "Tazolowera."

Chithunzicho anakachisindikiza kumzinda, ndipo chinabwera chokulungidwa ngati kapeti. Tsiku lochipachika holo inadzaza kuposa tsiku la chionetsero cha nkhosa. Anthu ankayamba kukhomo n'kumayenda chammbali, makapu ali m'manja, kuseka kukukulirakulira mpaka kukafika pakona ya damu, pomwe komiti inachita kuikapo benchi yoti ofooka azikhalapo. Anzake a Des ometa nawo nkhosa ankamufunsa ngati galuyo angawaperekeze ku Brisbane, poti iye amayendetsa bwino kuposa mbuye wake. Des poyamba anakwiya, koma pofika masana anali ataima pafupi ndi chithunzicho akufotokozera alendo kuti mtengo uja anauzemba ndi iyeyo, ndi phazi.

Pikapu inauma patapita masiku, ndipo makaniko anaidzutsa, koma fungo la damu linakana kuchoka. Pobwerera kunyumba kuchokera kwa makanikoyo, Noeline ndiye ankayendetsa, mawindo onse ali otsegula. Atafika pa mlatho, pansi pa mpando panamveka mawu akuti ng'orooo.

"Mwati bwanji?" anafunsa Noeline.

"Si ine."

Anaimitsa galimoto n'kusuzumira onse awiri. Chule wamkulu wobiriwira anali atakhala pa sipulingi ya mpando, akuwayang'ana ngati iwowo ndiwo alowa m'nyumba mwake. Des anati amutulutse ndi Noeline, Noeline anati amutulutse ndi Des, ndipo poti panalibe wofuna kumugwira, anangotseka zitseko n'kupita naye kunyumba.