Ulimba wa a Pedro pa Makina Atsopano

Madzi osefukira atalowa m'Bangula, Febbie Lyton anatuluka m'nyumba ndi chinthu chimodzi chokha: kadisiki kakuda kokwana m'dzanja, atakakulunga m'majumbo atatu n'kukamanga m'duku. Kompyuta yake yojambulira nyimbo inatsala. Atabwerera patatha masabata awiri, anaipeza itadzaza matope mpaka m'kati.

Febbie ankajambula makwaya. Koma m'kadisikimo munali ntchito imene palibe anamutuma: nyimbo khumi ndi zinayi za amalume ake, a Pedro a ku Makhanga, katswiri wa ulimba, chida chija cha matabwa chokhala ndi zikho kunsi kwake. Anawajambula kutatsala miyezi itatu kuti adwale matenda ofa ziwalo. Tsopano dzanja lawo lamanja silinkagwira ngakhale supuni.

Nyimbozo zinali zisanaphatikizidwe. Ulimba unali paokha, ng'oma payokha, amayi othirira mang'ombe paokha, ndipo zonsezi zinkatseguka m'pulogalamu imodzi yokha, imene Febbie anaphunzirira ntchito.

Patapita miyezi isanu ndi iwiri, mlongo wake wa ku Joni anamutumizira laputopu yatsopano, yopyapyala ngati mbale. Tsiku lomwelo Febbie anayamba kuikamo pulogalamu yake ija. Sinapite patali. Panatuluka uthenga wa Chingerezi wakuti pulogalamuyo singalowe pokhapokha aikemo kaye chinthu china. Anayesa kanayi, uthenga womwewo. Poopa kuononga makina a mphatso, m'mawa mwake anakwera minibasi kupita ku Nchalo kwa Elvis, amene anthu ankati palibe kompyuta imene imamukanika.

Elvis anaitembenuza laputopuyo uku ndi uku, nkhope ikuwala.

"Achemwali, makina awa ndi abwino, koma si a ntchito yanu. Ubongo wake, umene timati purosesa, ndi wa mtundu watsopano. Pulogalamu yanuyi anailembera ubongo wakale. Sizingamvane."

"Ndiye nditani?"

"Tisinthane." Anasolola pansi pa tebulo laputopu yolemera, yong'aluka pakona. "Iyi ikutsegulirani lero lomwe. Yanuyi mundisiyire."

Febbie anayang'ana makina ong'alukawo, kenako anawerenganso uthenga uja pang'onopang'ono, chala chili pagalasi.

"A Elvis, apa sakunena kuti sizingatheke. Akunena kuti ndiikemo chinachake kaye. Chinachakecho n'chiyani?"

Elvis anaseka mokakamiza. "Kapulogalamu komasulira. Kamaima pakati, kumamva zimene pulogalamu yakale ikunena n'kumauza ubongo watsopano. Koma n'kongodikirira. Eni ake sadzakasunga mpaka kale. Mukuvutikiranji ndi zinthu zakufa? Nyimbo za madala zimenezo ndani azimvera? Tengani pulogalamu yamakono mujambule zina."

"Amene anaimbayo sangaimbenso."

"Ndiye basi, zinatha zimenezo."

"Nkhabe! Ayi!" Febbie akapsa mtima, Chisena cha kwa amake ndicho chinkayamba kutuluka. Anatseka laputopuyo n'kuikoka. "Ine Lamulungu lililonse ndimaima pambali pa abusa. Iwo amalalikira m'Chichewa, ine ndimaika m'Chisena. Sindinamvepo wina akuuza nkhalamba kuti tulukani poti abusa ndi atsopano. Ngati womasulirayo alipo, ndimuika ndekha."

"Muononga makina," Elvis anakuwa iye akutuluka. "Mukabwera pano mukulira, sindidzakupatsaninso mwayi umenewu!"

Febbie anawoloka msewu, anadikira thirakitala ya nzimbe kuti idutse, n'kukhala pakhonde la golosale pomwe netiweki inkagwira bwino. Analumikiza laputopu ku foni yake, anadina pamene uthengawo unkamuuza kuti adine. Kamzere kanayamba kuyenda. Katafika pakati, kanaima. Netiweki inali itathawa. Anayambanso. Ulendo uno kanadutsa pakati, kenako foni inazima yokha. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Chikwawa lili paliwombo, ndipo foniyo inkatentha ngati nsimbi.

Mayi wina wogulitsa thobwa pakhonde lomwelo, dzina lake Juliana, anali akuonerera zonsezi.

"Achemwali, foni yanuyo yakomoka ndi dzuwa. Bweretsani kuno."

Anatsegula chigubu chake chozizira, anayala jumbo pamwamba pa mabotolo, n'kuigoneka foniyo pamenepo. Itatsitsimuka, Febbie anayamba kachitatu, foni ili m'chigubu, chivundikiro chili chotsegula pang'ono. Makasitomala akabwera, Juliana ankatulutsa botolo mosamala ngati akuopa kudzutsa khanda.

Elvis anatulukira atanyamula laputopu ina, yooneka bwinoko.

"Chabwino, achemwali, tengani iyi. Ndikuonjezerani ndi sipika."

Juliana ndiye anayankha: "Bambo, ngati makina a mayiwa ndi osathandiza, inu mukuwafuniranji chonchi?"

Amene anali pakhondepo anaseka, ndipo Elvis anabwerera ku shopu kwake.

Kamzere kanafika kumapeto. Febbie anayambanso kuika pulogalamu yake. Ulendo uno uthenga uja sunabwere. Analumikiza kadisiki, anasankha nyimbo yoyamba, ndipo mizere ya mawu inaonekera yonse monga anaisiyira. Anadina. Ulimba unalira pakhondepo, wothamanga, wonjenjemera ndi zikho zake. Mwamuna wina amene ankapopa njinga anasiya pampu n'kutembenuka.

Sizinayende zonse. Kachigawo ka pulogalamuyo kamene kankakometsa mawu kuti azimveka ngati a m'holo kanakaniratu, ngakhale womasulira analipo. Febbie analimbana nako masiku awiri, kenako anakasiya. Mawu anatsala mmene analili pabwalo pomwe anajambulira, tambala akulira chapatali m'nyimbo yachisanu. Anaphatikiza nyimbo zonse m'masiku asanu ndi anayi. Mawu a Elvis akuti womasulirayo sadzakhalitsa anawasunga, pakuti pamenepo pokha mwina sananame. Choncho nyimbo iliyonse, ndi chigawo chilichonse pachokha, anazisunga mwa mtundu wamba umene foni iliyonse imatha kuliza.

Lachinayi anawoloka Shire pa bwato, laputopu ili m'jumbo pachifuwa. Anapeza a Pedro atakhala pampando pansi pa mtengo wa nimu, akazi awo a Otilia akusankha nyemba pambali.

"Amalume, ndakubweretserani alendo."

"Alendo ake ati? Ndikuona iwe wekha."

Febbie anaika laputopu ndi kasipika pamphasa, n'kudina. A Pedro sanagwedezeke. Anangotseka maso. Patapita kanthawi zala za dzanja lamanzere zinayamba kugunda pabondo. A Otilia anasiya lichero n'kuyamba kuthirira mang'ombe chapansipansi, akuyankhizana ndi mawu awo omwe a m'makinamo.

Pakati pa nyimbo yachitatu a Pedro anakweza dzanja.

"Imitsa. Bwezera pang'ono. Wamva? Apo Maliko anachedwa kulowa." Maliko anali mnzawo amene ankaimba mbali ya mawu aakulu pa ulimba womwewo.

"Ndingathe kukonza, amalume. Ndingomukankhira kutsogolo pang'ono."

"Usakhudze! Zaka makumi atatu ndakhala ndikumuuza kuti amachedwa, iye n'kumakana. Adzimvere yekha."

A Otilia anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. A Pedro anamvera nyimbo zonse khumi ndi zinayi osapempha madzi. Yomaliza itatha anathokoza m'Chisena, "Pyadidi. Takhuta, mwana wa mlongo wanga." Kenako nkhope inasintha.

"Febbie, anthu kuno akundilonjera ngati afika pamaliro. Amalankhula motsitsa mawu. Ena akumati malemu ulimba wa a Pedro, ine ndili pompano ndikumva. Loweruka ndi tsiku la msika. Ndikufuna zimenezi zikalire pamenepo, pa sipika yaikulu."

"Bambo, simungathe kuyenda mpaka kumsika," anatero a Otilia.

"Ndani wanena zoyenda? Njinga zinatha m'Makhanga muno?"

Febbie anagona komweko masiku awiri. Anabwereka sipika ya kutchalitchi ndi batire la galimoto. Loweruka m'mawa anawakweza a Pedro pakaliyala, iye akukankha njinga, a Otilia atawagwira kumbuyo. Anawakhazika pakati pa ogulitsa nsomba ndi ogulitsa mpunga, atavala jekete lawo la ku ukwati ngakhale kunkatentha.

Ulimba utayamba, msika unasokonekera. Amayi anasiya malonda n'kumanga zitenje m'chiuno. A Maliko anabwera akuthamanga kuchokera kumene ankagulitsa misampha ya mbewa, ndipo nyimbo yachitatu itafika pamalo paja, a Pedro anawaloza ndi ndodo pamaso pa anthu onse.

"Wamva? Wamva tsopano?"

"Makinawo ndi amene achedwa!" a Maliko anakuwa.

Anakangana mpaka nyimbo inatha. Febbie sanamve mmene mkanganowo unathera, chifukwa kutsogolo kwake kunali kutaima mzere wa anthu, aliyense atagwira foni kapena kamemore khadi, ndipo iye anawathirira nyimbozo mmodzimmodzi mpaka batire la laputopu linatha.