Mabatani pa Makatoni

Mwana wa mchimwene wanga ndinamulera ndine, mamina ake onse anathera pansalu yangayi. Lero akuphunzira zauphunzitsi, ndiye nzeru akukatapa kwa mayi wa nyumba yoyandikana nafe, mphunzitsi wopuma, wa magalasi okhala pansonga ya mphuno.

Sabata ina amakonzekera kuphunzitsa pamaso pa omuyesa. Masana alionse awiriwo amakhala pakhonde pathu kudula makatoni. Pa makadi aakulu amalemba tsinde la mawu, monga "sok", pa ting'onoting'ono "a", "era", "etsa". Akaphatikiza, mawu abadwa: soka, sokera, soketsa.

"Inetu makina osokera ndapalasa zaka makumi anayi, kusoketsa ndikukudziwa," ndinatero.

"Azakhali, izi n'zakusukulu," anayankha mwanayo osandiyang'ana n'komwe. Kenako kwa wa magalasi: "Amayi, patseni lumo."

Amayi. Ine wochapa matewera ndangotsala azakhali.

Kutatsala tsiku limodzi, awiriwo anapita kukagula zolembera. Mphepo inamwaza timakadi pabwalo. Ndinatola tonse, n'kuti m'nyumba ya telala zinthu sizikhala zomwazika chonchi. Ndinakhala pamakina, kakang'ono kalikonse ndinakasokerera pa lalikulu, msoko wowongoka, wobwereza kawiri. Ngati ndimadziwa kuti zimenezi sasoka, musandifunse.

Mwanayo atabwera anagwira mutu. "Azakhali, ana amayenera kuchotsa aka n'kuika kena. Mwapha phunziro langa."

Wa magalasi anati adule ena, koma makatoni anali atatha. Anayesa kudula ulusi ndi lumo lake lija, khadi linang'ambika pakati.

"Aphunzitsi, tasunthani," ndinatero. "Izi n'zakumakina."

Wa magalasi anasunthira pambali, mwanayo kugwira, ine kumasula ulusi ndi singano. Titamaliza ndinakhuthula chitini changa cha mabatani. Pa khadi lalikulu ndinasokerera batani, pa kakang'ono ndinaboola kabowo.

"Ukamufuna 'era' mangirira. Akakutopetsa masula, ubweretse mnzake. Amuna akanakhala otero bwenzi tili pabwino."

Mwanayo anayesa kangapo, milomo ili ndwii, kenako kuseka kunamupulumuka. Wa magalasi anatola lumo lake, akuti waiwala madzi pamoto.

"Mawa mundiperekeze," anatero mwanayo. "Mwina batani lithothoka panjira."

"Uwatenge amayi ako aja."

"Iwo sadziwa kusoka."

Ndinati ndiona ngati ndili ndi mpata. Singano ndi ulusi zinali kale m'chikwama.