Mkamwini wa Kabudula Wachikopa

Mwana wathu Fenna anaimba foni ine ndili panja, ndikuzula udzu m'mipata ya njerwa za pakhomo. Anati Lamlungu abwera ndi bwenzi lake. Dzina la mnyamatayo tinali titalimva kambirimbiri: Naoto, wa ku Japan, amene amagwira naye ntchito yokonza makina a m'chipatala ku Bremen. Koma nkhope yake tinkangoionera pafoni.

"Amayi, musavutike ndi zophikaphika," anatero Fenna. "Kungoti mnzangayu wakhala akuwerenga za zakudya za Chijeremani. Pakamwa pake pangokhala masoseji ndi mowa basi."

"Masoseji ndi mowa? Muno?"

"Ndamuuza kuti kwathu si choncho, koma akuona ngati ndikungomutonthoza."

Mawu oti musavutikewo ndi amene anandivutitsa. M'nyumba mwathu mowa unasiya kulowa chaka chimene mwamuna wanga Ubbo anagwa m'dimba ndi matenda a mtima. Adokotala anamuletsa mowa, nyama yonona ndi mchere wambiri. Ngakhale asanadwale, botolo limodzi linkamukwanira mpira wonse wa pa wailesi ya kanema. Lamlungu ife timadya nsomba, mbatata ndi masamba. Koma ndinaganiza kuti mwana wa eni wachoka kutali, mumtima mwake muli chithunzi cha Ajeremani, ndiye ine ndimuikire nsomba yowiritsa? Akakanena chiyani kwawo?

M'mawa mwake ndinapita kubutchala ya m'mudzi mwathu. Mwini wake, Harm, tinaphunzira naye kalasi imodzi, choncho sandiopa.

"Mwendo wa nkhumba?" anafunsa atayimitsa mpeni m'mwamba. "Iwe Okka, ukufuna kumupha Ubbo kuti utsale ndi nyumba?"

"Ndi wa mlendo. Ndipatse waukulu. Uikenso masoseji."

"Mlendoyo akuchokera ku Bayern, kumapiri akumwera kuja amadya zimenezi?"

"Ku Japan."

Harm anaseka mpaka kugwira tebulo. Kenako anandiphunzitsa kaphikidwe kake, chifukwa kunena zoona, chibadwire ndinali ndisanaphikepo mwendo wa nkhumba. Pobwerera ndinadutsa kwa Gesche, woyandikana nafe, kukabwereka zikho zikuluzikulu zagalasi zimene anagula atapita kokayenda ku München, mzinda wakumwera wotchuka ndi chikondwerero cha mowa. Ndinapeza waikamo maluwa. Anawatulutsa, n'kuzitsuka, n'kundipatsa uku akundiyang'ana ngati ndadwala mutu.

Amene anakondwa ndi Ubbo. Lamlungu m'mawa fungo la nyama litadzaza m'nyumba, anangokhalira kuzungulira kukhitchini ngati mphaka.

"Mlendo sangamwe yekha," anatero. "Ndi mwano umenewo. Ndingolawako pang'ono, chifukwa cha ulemu."

"Ulemu wako uli m'mabotolo awo a pansiwo. Ndakugulira mowa wopanda ukali. Thovu lake n'chimodzimodzi, m'chikho palibe angasiyanitse."

"Nanga nyama?"

"Kachidutswa kamodzi, kopanda khungu."

"Mkazi iwe, akanakulemba ntchito kundende."

Fenna ndi Naoto anafika masana ndi sitima. Kunja kunali mphepo yathu ija yochokera kunyanja, yosakanikirana ndi mvula yamawawa. Ubbo anapita kukawatenga pagalimoto, ine ndinaima pakhomo. Woyamba kutuluka m'galimoto anali Fenna, maso ali pansi, akudziluma mlomo. Kenako Ubbo, nkhope ili gwa ngati munthu amene akubwera kumaliro koma akufuna kuseka. Pomaliza panatuluka Naoto.

Anali mnyamata wochepa thupi, wa magalasi, atanyamula maluwa m'manja onse awiri. Anavala malaya a mandalasi ofiira, masokosi aatali aubweya, ndi kabudula wachikopa wa malamba a pamapewa, uja amavala anthu a kumapiri akamavina pa chikondwerero cha mowa. Mawondo ake anali atachita kubiriwira ndi kuzizira. Kuseri kwa katani ya Gesche ndinaona mutu ukusuzumira.

"Mayi Saathoff, ndakondwa kukuonani," anatero akuwerama. Chijeremani chake chinali choyera, chochita kusankha mawu. "Ndavala chonchi polemekeza mwambo wanu."

"Lowani, lowani msanga, mungaume," ndinatero.

Fenna anandinong'oneza tikulowa: "Ndamuchonderera njira yonse. Akuti wagula ndi cholinga, sangausiye."

Patebulo zinthu zinayamba bwino. Nditabweretsa mwendo wa nkhumba uja, khungu lake lili psuu, pambali pali kabichi wowawasa ndi masoseji, Naoto anaimirira n'kujambula chithunzi. Anati atumiza kwa amalume ake, amene anamuuza zonse za Ajeremani. Ndinamuthirira mowa weniweni m'chikho cha Gesche, ndipo anachinyamula ndi manja awiri chifukwa cha kulemera.

"Naoto, ungolawa," anatero Fenna. "Ukudziwa mmene umachitira."

"Pang'ono pokha," anavomera.

Ine sindinalabadire mawuwo. Maganizo anga anali pa mbale ya Ubbo, imene inkaoneka kuti ikuyandikira nyama yokha. Ndinaona kuti Naoto akudya mwakhama koma mosasangalala kwenikweni, akumeza mafuta ngati mankhwala. Ndikamufunsa ankati, "N'chokoma kwambiri, Mayi Saathoff," ndiye ine ndinkamuonjezera.

Pakati pa chakudya ndinakumbukira kuti keke ya maapozi idakali mu uvuni. Ndinathamangira kukhitchini, Fenna n'kunditsatira. Keke inali itapserera mbali imodzi, ndipo tinatanganidwa kuipala. Kenako tinayamba kucheza za mayi ndi mwana, ine kufunsa ngati mnyamatayu ndi wa nkhani yeniyeni, iye kuseka n'kumati, "Dikirani mumve nokha." Kuchipinda chodyera tinkangomva zikho zikugundana, ndi mawu a Ubbo akusimba za madzi osefukira a chaka chimene anali mwana.

Tikubwerera ndi keke, Fenna anaima chilili pakhomo.

Chikho cha Naoto chinali chopanda kanthu, ndipo pambali pake panali mabotolo ena otsegula. Nkhope yake inali itafiira ngati nyama yaiwisi, makutu, khosi, mpaka m'maso. Thukuta linali kamukamu. Anaimirira, n'kuwerama pang'ono, n'kunena kuti, "Pepani, ndikapume mpweya." Anatsegula chitseko cha kudimba, anayenda mpaka pa mpanda wa maluwa, kenako miyendo inamuthawa, n'kukhala pansi m'matope, dzanja lili pachifuwa.

Dzanja la pachifuwa limenelo ndi limene linandiswa mtima. Ubbo anagwa choncho, pafupifupi pamalo omwewo. Mbale ya keke sindikudziwa kuti ndinaiika pati. Ndinangozindikira ndagwada m'matope, ndagwira mkono wa mnyamatayo, mtsempha ukugunda ngati ng'oma. Mumtima ndinkangoti, Mulungu wanga, mwana wa eni ndamupha ndi nkhumba yanga.

"Ubbo, itana ambulansi!"

Ubbo anali ataimba kale. Anabwera ndi bulangeti ndi makina ake oyezera kuthamanga kwa magazi. Fenna anakhala kumbuyo kwa Naoto n'kumutsamiritsa pachifuwa chake.

"Wamwa wochuluka bwanji, Ababa?"

"Ndikudziwa ine? Ndikamwa, iyenso amamwa. Ndikathira, iyenso amathira. Ndimayesa akuukonda."

"Thupi lake siligwirizana ndi mowa! Akangolawa amafiira. Sindinamuonepo atamaliza ngakhale kapu imodzi."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndinanena patebulo pompaja!"

"Siyani kukangana," ndinatero ine.

Ambulansi siinachedwe, koma kwa ine inali ngati yatenga chaka. Munatsika mayi wina wojintcha, tsitsi lalifupi, ndi mnzake wonyamula chikwama. Anamulowetsa Naoto m'nyumba, anamugoneka pa sofa, namumata timawaya pachifuwa. Tonse tinaima khuma. Mayiyo anayang'anitsitsa makina ake, anamufunsa mafunso angapo, namuunika m'maso. Kenako anavula magalasi n'kutembenukira kwa ine.

"Mayi, khalani pansi, mwayera kuposa wodwalayu. Mtima wake uli bwinobwino. Ukuthamanga chifukwa cha mowa basi. Alipo anthu amene matupi awo sagaya mowa, ndipo uyu ndi mmodzi wa iwo. Amwe madzi, agone chammbali, wina azimuyang'ana. Zikasintha mutiimbirenso, koma sindikuona choopsa."

Ndinakhala pa mkono wa mpando. Misozi inangotuluka yokha. Ubbo anandigwira paphewa.

Mayi uja akulongedza zida zake anayang'ana kabudula wachikopa, amene tsopano anali matope okhaokha.

"Achimwene, mwasochera," anatero. "Mapiri ali kumwera. Kuno kokwera kwambiri ndi pamsana pa ng'ombe."

Naoto anayesa kumwetulira, koma anangotseka maso ndi manyazi.

Anagona pang'ono, atasanzako kaye. Podzuka kufiira kunali kutachepa. Ubbo anamubwereka thalauzi lake lakale ndi juzi, zonse zikuluzikulu moti anachita kupinda miyendo ndi manja. Naoto anakhala kumapeto kwa sofa, manja ali pamawondo.

"Bambo Saathoff, Mayi Saathoff, ndakuchititsani manyazi m'nyumba mwanu."

"Manyazi a chiyani?" anafunsa Ubbo. "Ndingofuna kudziwa chimodzi. Ngati mowa umakupweteka, unkaumweranji chonchija?"

"Amalume anandiuza kuti bambo wa Chijeremani amayesa mkamwini ndi mowa. Akuti ukasiya chikho chosatha, amati ndiwe munthu wosadalirika. Ndiye ndinaona inu mukumwa ngati madzi, nkhope osasintha ngakhale pang'ono. Ndinaganiza kuti ndikatsalira, basi, Fenna ndamutaya."

Ubbo anadzuka. Anapita kukhitchini n'kubwera ndi botolo lake lopanda kanthu, naliika m'manja mwa Naoto.

"Tawerenga apo."

Naoto anakonza magalasi. Anawerenga, anayang'ana Ubbo, anawerenganso.

"Wopanda ukali?"

"Ngati madzi, monga wanenera. Ine mowa weniweni ndinausiya kalekale. Mtimawu unakonzedwa ndi madokotala, ndipo wapolisi wake ndi uyu." Analoza ine.

Fenna ndiye anayamba kuseka, kuseka kosakanikirana ndi kulira. Kenako Ubbo, kenako ine. Naoto anabisa nkhope m'manja a juzi aja, mapewa akugwedezeka.

"Nanga nyama ija?" ndinamufunsa. "Unene zoona, palibe akumenye."

Anayang'ana Fenna kaye. "Munaphika bwino, Mayi Saathoff. Koma mafuta amandivuta. Kwathu tili pafupi ndi nyanja, ndinakulira nsomba."

"Nsomba!" Ubbo anamenya dzanja patebulo. "Wamva, Okka? Nsomba! Ndipo zili mufiriji muno chikhalire, zikudikira mawa."

"Inenso lero n'koyamba kuphika mwendo wa nkhumba," ndinaulula. "Ndimaopa kuti ukatinena kwanu kuti si ife Ajeremani enieni."

Nthawi ya tiyi inali itakwana. Ndinatulutsa makapu anga ang'onoang'ono a maluwa ofiira, ndinaika mbulu wa shuga m'kapu iliyonse, n'kuthira tiyi wakuda wotentha mpaka shugayo analira. Pamwamba ndinadonthezera kirimu. Ndinadulanso buledi wakuda, wopanda chilichonse, kuti akhazikitse m'mimba. Naoto anagwira kapu ndi manja awiri, anayang'ana kirimu akufalikira ngati mtambo, namwa pang'onopang'ono osatakasa, monga anaonera kwa ife.

"Za izi amalume sanandiuze," anatero.

"Amalume akowo anafikako kuno?" anafunsa Ubbo.

"Anakhalako masiku ochepa ku München, pa chikondwerero."

"Ndiye anaona Ajeremani ali patchuthi. Ukabwere nawo kuno, adzawaone ali pakhomo pawo. Ndiponso za Bambo Saathoff uzisiye. Munthu amene wavala thalauzi langa azinditchula Ubbo."

"Ine ndine Okka," ndinawonjezera.

Naoto anaika kapu pansi. Anaimirira, thalauzi likufuna kutsika moti anachita kuligwira ndi dzanja limodzi. Anawerama, nanena kuti panali mawu amene anawakonzekera kwa nthawi yaitali, ndipo ngakhale tsiku lawonongeka, akupempha kuti awanene. Anati amamukonda Fenna, akufuna kumukwatira, ndipo akupempha chilolezo chathu.

Ubbo anakanda kumutu.

"Mwana wanga, ukupempha kolakwika. Mtsikana uyu chiyambire kuyenda sanandipemphepo chilolezo pa chilichonse. Wamufunsa mwini wakeyo?"

"Ndinamufunsa ndine, Ababa," anatero Fenna. "Mwezi watha. Iye anavomera."

"Basi, nkhani inatha kale. Khala pansi usanagwenso."

Ine ndinadzuka n'kumukumbatira. M'juzi la Ubbo munali mnyamata wowonda, wofunda, mtima wake ukugunda mwakachetechete ngati wa munthu aliyense. Ndinamugwira nthawi yaitali kuposa mmene ulemu umalolera.

Mvula inali itakata. Ubbo anati mpweya wa kunyanja ndi umene umatsiriza kuchiritsa, choncho tinavala majasi n'kutuluka tonse anayi kulowera ku chimulu chotchinga nyanja. Fenna ndi ine tinali kumbuyo. Kutsogolo Ubbo ankaloza nkhosa ndi ndodo yake, akufotokoza kuti ndi za yani, ndipo Naoto ankafunsa kuti madzi akaphwa nsomba zimagwidwa bwanji kuno.